Amalume, Sizwe Banzi ndi dzina lobwereka

Matikiti aulere

Papita zaka zoposa 10 koma nkhaniyi ikukanabe kuchoka m'mutu mwanga, nde lero ndati ndingoilemba mwina ndipumeko.

Ine zisudzo ndinazisiya kwathu. Ndili ku sekondale ndinkachita nawo za ATEM, mpikisano wa zisudzo za Chingerezi wa masukulu uja, ndipo ndikapita kutchuthi kwa achemwali ku Ndirande ndinkazemba kukaonera Du Chisiza ndi gulu lake la Wakhumbata ku French Cultural Centre, ndalama yolowera yochita kubenthula pa chenje cha ndiwo. Koma nditangodutsa pa Mwanza kubwera ku Joni kuno zonsezo zinathera pomwepo. Kuno umadzuka kudakali mdima, renki, takisi, ntchito, takisi, kugona. Sewero lake liti.

Nthawi imeneyo ndinali weyitala pa lesitilanti ina ku Braamfontein. Mayi wina amene ankakonda kudyera pa tebulo langa anandipatsa matikiti awiri, akuti amuna awo adwala sapitanso, ndipite ndi chibwenzi. Chibwenzi ndinalibe. Osanama ndinaganizako zowagulitsa, koma ungamugulitse ndani tikiti ya sewero ku Mayfair komwe tinkakhala, anthu ake mitu ili pa rendi ndi ndalama yotumiza kumudzi? Nde ndinangoti amalume tiyeni.

Amalumewa ndi mlongo wawo wa mayi anga, ndi amene anandilandira kuno, chipinda chimodzi tinkagawana ndi katani pakati. Ankagwira ntchito mu shopu ya nsalu ya amwenye ku Fordsburg, zaka zambirimbiri, munthu woti akangoigwira nsalu ndi zala ziwiri akuuza mtengo wake asanayang'ane pa pepala. Poyamba anakana. "Zisudzo? Ngati za Izeki ndi Jakobo zija?" Ine eya amalume, zangati zomwezo. Ndinanama, chifukwa nanenso sindinkadziwa kuti sewerolo likukamba za chani, pa tikiti panangolembedwa kuti Sizwe Banzi is Dead, Market Theatre, Newtown.

Msika wa zipatso

Kuchoka ku Fordsburg kupita ku Newtown ndi pafupi, tinangoyenda wapansi kudutsa kunsi kwa msewu wa M1 uja. Amalume anavala jekete yawo yakutchalitchi. Chinyumbacho onse tinkachidziwa ndi maso, aliyense wokwera takisi pa renki ya Bree anachionapo, koma kulowamo ayi, timangoti ndi za azungu.

Titalowa, chinthu choyamba chimene amalume anaona si ma poster a masewero ayi, anaona zikwangwani zakalekale za anthu ogulitsa, maina awo akadali pompo. Anaima nkumawerenga limodzilimodzi milomo ikugwedera. Kenako akuti, "Iwe, muno munali mu msika eti?"

Zoonadi munali mu msika. Nyumbayi anaimanga mu 1913, mbali imene kuli siteji panoyi ndi kumene amwenye ankagulitsirako zipatso. Mu 1974 msika wonse unasamukira ku City Deep, nyumba nkutsala bululu. Chaka chomwecho cha 1974 ndi chimene ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi lija timati Theba, inagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu nkuletsa zolemba anthu a Theba. Sizikukhudzana ayi, koma ine ndikamva chaka chimenechi mutu wanga umapita konseko, agogo anga aamuna anali a mu mgodi.

Nde anabwera anthu awiri, Mannie Manim ndi Barney Simon, ndi kagulu kawo ka zisudzo kotchedwa The Company, nkupempha nyumbayo. Ndalama zinali zosakwana, moti ntchito yambiri yokonza ankagwira okha ochita zisudzowo, lero wanyamula burashi ya penti mawa akuloweza mawu. Anatsegula pa 21 June 1976 mu kachipinda kam'mwamba ndi sewero la ku Russia la Anton Chekhov, The Seagull. Taonani detiyo. Panali patangopita masiku 5 chiwomberereni ana a sukulu ku Soweto pa 16 June. Holo yaikulu inatsegulidwa mu October chaka chomwecho ndi Marat/Sade.

Chimene chimandisangalatsa ine pa nkhani yonseyi ndi ukathyali wake. Nthawi imeneyo malamulo a tsankho sankalola kuti wakuda ndi mzungu akhale mpando woyandikana kuonera sewero mmene afunira. Koma malo amenewa, poti unali msika, pa mapepala a boma anali oti mitundu yonse imalowamo, nanga mzungu akanagula bwanji nthochi kwa mmwenye. Anthu aja anapezerapo kampata pamenepo nkuti khomo ndi lotsegula kwa aliyense, pa siteji ndi pa mipando pomwe. Ndiye kuti nyumba yonse ija inayamba ndi kuzembera pa pepala. Ifeyo a ku Joni zimenezi sitifunika kuchita kutimasulira.

Izi ndinadzazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinkangoopa kuti amalume agona nkuyamba mkonono pakati pa anthu.

Mphemvu ndi Doom

Sanagone. Sewerolo ndi la anthu awiri okha basi, ndipo tsiku limenelo anali Atandwa Kani ndi Mncedisi Shabangu, wowongolera ali John Kani mwini wake, bambo ake a Atandwa. Achinyamata mumamudziwa John Kani ngati mfumu T'Chaka ya mu Black Panther, koma iyeyu ndi Winston Ntshona ndi Athol Fugard ndi amene anapeka seweroli mu 1972, ndipo mu 1975 iye ndi Ntshona anapata nalo mphoto ya Tony ku America. Mu 1976 awiriwa anawatsekera nalo ku Transkei. Sewero lomwelo, uku mphoto uku chitolokosi.

Limayamba ndi Styles, wojambula zithunzi ku New Brighton ku Port Elizabeth, akuwerenga nyuzipepala nkumacheza ndi ife oonerera ngati tili pa bawo. Akufotokoza mmene ankagwirira ntchito ku fakitale ya magalimoto, tsiku lomwe bwana wamkulu amabwera kuchokera ku America, mmene anakolopera pansi, kupenta mizere, kugawa maovolosi atsopano, nkuuza anthu kuti lero muzimwetulira. Amalume anaseka mpaka kundimenya pa ntchafu. "Ngati kwathu ku shopu akamva kuti kukubwera ma inspector!" Ananena mokweza mu Chichewa, mayi wina kutsogolo kwathu nkucheuka. Kenako nkhani ya mphemvu mu situdiyo muja, kuzipopera Doom koma osafa mpaka kukatenga mphaka. Apa ndiye amalume misozi mbwembwembwe ndi phwete, chifukwa kuchipinda kwathu ku Mayfair nkhondo yake inali yomweyo.

Ine mumtima ndinati basi ndapulumuka, ndi za Izeki ndi Jakobo ndithu.

Nambala

Kenako mu situdiyo mukulowa munthu wovala suti yatsopano, wamanyazi, akufuna chithunzi chotumiza kwa mkazi wake Nowetu ku King William's Town. Amufunsa dzina, akuyamba wakakamira pakhosi kaye, kenako nkuti Robert Zwelinzima. Pamenepo ndinamva kuti amalume asiya kugwedeza mwendo.

Nkhani yake ndi iyi. Munthuyu dzina lake lenileni ndi Sizwe Banzi. Anabwera ku tauni kudzafuna ntchito, anamugwira, m'chitupa mwake nkumudindira kuti m'masiku 3 akhale atachoka abwerere kwawo, iye kuwerenga sadziwa, masikuwo anadutsa kalekale. Akubisala kwa munthu wina dzina lake Buntu. Usiku wina akuchokera kokamwa, Buntu wapatuka kuti ataye madzi pa kanjira ka mdima, akuyesa mulu wa zinyalala, osadziwa ndi mtembo. M'thumba mwa mtembowo muli chitupa, dompasi, kabuku kamene munthu wakuda ankakakamizidwa kuyenda nako nthawi ya tsankho, ndipo muli chidindo chomulola kufuna ntchito. Kunyumba Buntu akumatula zithunzi, cha wamoyo kuika m'buku la wakufa, cha wakufa m'buku la wamoyo.

Sizwe akukana, akuti dzina langa, ana anga, mkazi wanga anakwatiwa ndi Sizwe osati uyu. Buntu akumuuza kuti chabwino sunga dzinalo ubwerere nalo kumudzi mukadye lomwelo. Sindikubwereza mawu ake enieni, ndikungonena mmene ndinamvera.

Ndiye pakubwera malo amene andichititsa kulemba zonsezi. Buntu akumuphunzitsa nambala ya m'chitupa chija, poti munthu sawerenga ayenera kuiloweza. Akusanduka kalaliki wa malipiro, nambala yako? Akusanduka wogulitsa mu shopu, nambala yako? Mbusa ku tchalitchi, wapolisi pa msewu, aliyense akufuna dzina ndi nambala, Sizwe akuphonya, akubwereza, akuphonyanso. Anthu mu holo muja akuseka chifukwa anyamata aja amachitadi moseketsa.

Ine ndinamva kunong'ona kumanzere kwanga. Ndinayesa amalume akuthandiza Sizwe kuloweza, paja anthu akuluakulu amatero akamaonera filimu. Nditatchera khutu ndinapeza kuti manambala ake si omwe akunenedwa pa siteji. Anali ena. Amanena pang'onopang'ono mu Chingerezi, manambala 13, kumaliza, kuyambiranso. Maso ali pa siteji, manja agwira chipewa pa maondo, chala chachikulu chikungozungulira m'mphepete mwake. Katatu konse. Sanadziwe nkomwe kuti ndikumva.

Manambala 13 aliyense wa kuno akudziwa kuti ndi ID ya South Africa. Ine ndinkadziwa kuti amalume ali ndi kabuku kobiriwira, ndipo ndinkadziwa kuti ku shopu amawaitana dzina lina, koma ndinkangoti ndi maina a ku ntchito awa, paja tonse kuno tinapatsidwapo dzina ndi bwana amene lilime lake likukanika lathu. Sindinafunsepo. Mwana wa mlongo safunsa malume ake za mapepala.

Panja

Titatuluka sanafune kuyenda msanga. Tinakhala pa kakhoma moyang'ana Mary Fitzgerald Square, kukuzizira pang'ono, magalimoto akudutsa pamwamba pa M1. Anthu ena akutuluka akukambirana mu Chizulu ndi Chingerezi kuti eish makolo athu anavutika, mtsikana wina akuuza mnzake kuti agogo ake anasungabe dompasi yawo mu sutikesi. Kwa iwo inali mbiri yakale, malamulo a zitupa anatha mu 1986. Sindikuwanena, ndi mbiri yawodi ndipo anailipira ndi magazi. Koma ife awiri tinali titangoonera nkhani ya Lachiwiri lapitali.

Amalume anayamba okha. "Mphwanga, anthu ajawa anawauza ndani?"

Ine zii.

Akuti mwini dzinalo anali mnzawo wa mudzi woyandikana ndi wathu, anakulira limodzi kubusa. Iye uja anabwera kuno kale, ndipo mu 1996 boma la kuno litapereka mwayi kwa anthu a m'maiko a SADC amene anakhalitsa kuti atenge mapepala okhazikika, iye anatenga. Amalume anabwera mochedwa, a masiku 30 a pa pasipoti aja, kupita ku Beitbridge kukadinditsa, kubwera, kupitanso, mpaka ndalama yake inawakanika nkungokhala. Mnzawo uja anadwala, matenda a nthawi imeneyo, ndipo ataona kuti zafika povuta anati ndikafere kwathu. Tsiku lokwera basi ku Park Station anawapatsa kabuku kaja m'manja nkuti, kumene ndikupitako sakafunsa izi, dyetsa nako ana. Anamwalira patangopita miyezi yochepa. Kumudzi anamuika, mwala uli pa manda ndi dzina lake, koma kuno dzina lomwelo limadzuka m'mawa uliwonse nkukadula nsalu ku Fordsburg.

Za chithunzi sindinafunse ndipo iwo sananene.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kanthu kakang'ono. Paja manambala 6 oyamba a ID ndi tsiku lobadwa. Nde ku shopu kuja chaka chilichonse pa tsiku limenelo adona ake a bwana amabweretsa kakeke, atsikana a pa kauntala nkuwaimbira. Amalume akuti, "Ndimadya keke ya munthu wakufa ine, mphwanga. Ndimamwetulira. Tsiku langa lenileni ngakhale amayi ako sindikudziwa ngati akulikumbuka."

Kenako anaseka, akuti koma mnyamata wa sewero uja ndi waulesi, nambala yochepa ngati imene ija mpaka kuphonya kangapo, ine ndinaloweza usiku umodzi.

Tisananyamuke anandiuza kuti nditulutse cholembera. Weyitala sasowa bolopeni. Pepala panalibe nde tinalemba kuseri kwa tikiti yomwe ija. Dzina lawo lenileni lonse, la bambo awo, mudzi, mfumu, T/A, boma. Akuti, "Tsiku lina ndikadzagwa pa msewu adzalemba dzina la uja. Iweyo udzakaime pamenepo unene kuti ayi. Mtembo wanga usadzapite kumudzi kwa eni ake, kumeneko anaika kale."

Ndinabwererako

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kupitako ndekha, ndikapeza ma tip abwino. Pang'ono ndi pang'ono ndinadziwa kuti nyumba ija yatulutsa zinthu zingati. Woza Albert! ya 1981, ya Percy Mtwa, Mbongeni Ngema ndi Barney Simon, yofunsa kuti Yesu atabwera ku South Africa wa tsankho zingathe bwanji, anthu awiri okha pa siteji, akafuna kukhala mzungu amangovala kamphuno ka pinki basi. Imeneyi ndinadzaionera atayibwezeretsa ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma namonso nkhani ya chitupa ili momwemo, anthu pa mzere kudikira ntchito mabuku ali m'manja. Asinamali! ya Ngema. Born in the RSA ya Barney Simon mu 1985. Sophiatown mu 1986. Sarafina! imene tonse tinakulira pa vidiyo ya Leleti Khumalo ndi Whoopi Goldberg ija, ambiri sitidziwa kuti isanakhale filimu mu 1992 linali sewero, ndipo linayambira mu msika wa zipatso womwewu mu 1987 lisanapite ku Broadway mu 1988.

Chaka chomwecho cha 1987 Janet Suzman anaika John Kani kukhala Othello, munthu wakuda kupsompsona mkazi wachizungu pa siteji, patangopita zaka 2 chichotsereni lamulo loletsa mitundu kukwatirana. Mu 1989 Fugard anaonetsa koyamba My Children! My Africa! pomwepa, Kani alimonso. Pambali pa masewero anatsegula sukulu ya zisudzo, Market Theatre Laboratory, ndipo David Goldblatt anayambitsa ya ojambula zithunzi, Market Photo Workshop, mu 1989. Barney Simon anamwalira mu 1995, atangolawa pang'ono dziko limene ankalimenyera. Ntshona anapita mu 2018, Shabangu amene tinamuonera uja mu 2022, Ngema pa ngozi ya galimoto mu December 2023, Fugard mu 2025. Nyumba ikadali chiimire.

Si zonse zimene ndinaonerako zinali zabwino ayi. Ena amakuwa kwambiri ngati kukuwako ndiye luso, ena amabwereza za tsankho mpaka umaona kuti akuonetsera alendo a ma kamera. Ndipo nthawi zambiri ndikayang'ana mu holo sindiona anthu ngati ife, a m'makhitchini ndi m'magaladeni, ngakhale renki ya Bree ili poteropo. Koma ndimachitabe nsanje. Kwathu tinali ndi Du, tinali ndi Gertrude Kamkwatira, Kwathu Drama Group, Travelling Theatre ya ku Chancellor College, anthu aluso osaneneka, ena mwa iwo ankazembanso a Censorship Board ndi mikuluwiko ngati mmene a kuno ankachitira. Koma mwini gulu akapita zambiri zimapita naye, palibe khoma limene mwana angalowe nkuwerengapo kuti muno munachitika chakuti chaka chakuti.

Kuno maina amawasamala mwa mtundu wina. Maholo atatu a m'nyumbayi pano ndi John Kani, Barney Simon ndi Mannie Manim. Msewu wa pakhomo unali Wolhuter pano ndi Margaret Mcingana, Bree ndi Lilian Ngoyi ngakhale tonse timangoti Bree, Port Elizabeth wa Sizwe uja ndi Gqeberha. Ngakhale Sizwe yemweyo m'mabuku ena analembedwa Bansi, ena Banzi. Nditawauza amalume zimenezi anati, "Waona, nayenso anamulakwitsira ku ofesi."

Chimene chinasintha kunyumba ndi chaching'ono. Ndinasiya kuwaitana dzina la ku shopu ndikawaimbira foni anthu ali pafupi, ndimangoti amalume basi. Ndipo tsiku lawo lenileni lobadwa ndinafunsa mayi pa WhatsApp, analikumbuka mwezi wokha, akuti kunali kokolola. Tinasankha deti tokha, ndinagula nkhuku ndi Fanta.

Kumudzi

Sanagwe pa msewu. Nkhani ya ma smart ID itayamba kufala, ya zala ndi makompyuta, anaona kuti masewera atha, komanso maondo anali atayamba kuvuta. Anatenga kangachepe komwe anasunga, mashini osokera awiri, nkukwera basi. Kabuku kobiriwira sanapite nako kwathu ndipo sanapatse munthu wina, ngakhale alipo anyamata awiri amene anakafuna ndi ndalama yooneka. Anakawotcha pa mbaula kuseri kwa nyumba ku Mayfair usiku woti mawa anyamuka, ine ndili pomwepo, pulasitiki yake ikununkha.

Pano ali pa trading centre kwathu, amasoka mayunifomu a sukulu pa khonde la golosale. Chodabwitsa, anyamata obwerera ku Joni amene ankawadziwira ku Fordsburg anafika nalo dzina lija kumudzi, moti pa trading ponse telala amadziwika ndi dzina la malemu. Mkazi wa malemuyo amabweretsanso zovala za zidzukulu pomwepo, akuti amangowaitana kuti atelala.

Tikiti ija ndikadali nayo mu waleti, inki inayamba kufufutika nde ndinadutsitsamo bolopeni kachiwiri. Mwezi watha ndinawaimbira, tili mkati mokamba za mtengo wa feteleza anangoti, "Kodi anyamata a mphemvu aja akumaonetsabe?" Ndinati mmodzi anatisiya amalume. Anakhala chete pang'ono, ndikumva mashini aima. "Uti, wojambula kapena mnzanga uja?"